Magetsi a Chifunga ndi Ulendo Womaliza wa Bambo Anu

Ana anga, Lusiya ndi Mateyu, ndalemba izi m'kope chifukwa ndikamafotokoza pakamwa ndimadumphadumpha. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, choncho mukapeza chilembo chapendama muwongole nokha. Za ubwana wanga mukuzidziwa, mulibe chachilendo. Chimene ndikufuna chikhale papepala ndi ntchito yanga ya pa lole, makamaka magetsi awiri aang'ono amene anali pansi pa bampala. Chifukwa cha magetsi amenewo abambo anu aakulu, a Dayitoni, sanapondenso pakhomo panga chimwalirireni bambo anu. Inu tsiku limenelo munali kumbuyo kwa lole mukulira, ndipo zambiri munazimva kwa anthu. Tsopano mumve kwa ine.

Chaka choyamba pantchito

Ndinalowa ntchito ku kopaletivu ya alimi a mpunga kufupi ndi Golomoti iwe Mateyu utangosiya kuyamwa. Anandilemba kuti ndizisesa m'nyumba yosungira mpunga ndi kusoka matumba ong'ambika. Kopaletivuyo inali ndi lole imodzi yokha, ya matani asanu ndi awiri. Woyendetsa anali a Jafali, Msilamu wa ku Mtakataka, munthu wamfupi wokonda nthabwala. Loleyo sinkayenda pa tala pokha ayi. Inkalowa m'minda ya ku Bwanje kukatenga mpunga, kuwoloka timitsinje topanda milatho, kuponda zitsa ndi miyala, ndipo ikadzaza inkakwera phiri la Golomoti kupita ku Dedza ndi ku Lilongwe.

Tsiku lina otsuka lole sanabwere, ndiye anandiuza kuti nditsuke ine. Ndinatsuka monga ndimatsukira mbale, mpaka ndinagwada kupukuta timagetsi tiwiri tachikasu tomwe tinali pansi pa bampala, todzaza matope. A Jafali anaima kumbuyo kwanga akuseka.

"Achemwali, mwafika mpaka ku maso a pansiwa? Anzanu aja amangowaza madzi pamwamba ngati akubatiza."

"Timagetsi timeneti ndi tantchito yanji, poti aakulu alipo?" ndinafunsa.

"Wallahi, funso limeneli palibe anandifunsapo. Aakuluwa ndi a mdima. Awa ndi a chifunga, ife timati mafogi. Chifunga sichigona pansi penipeni, chimasiya kampata ngati chitseko cha nyumba yakale. Mafogi amasuzumira pakampatapo. Mukayatsa aakulu m'chifunga, kuwala kumakubwererani kumaso."

Kuyambira pamenepo anapempha kuti ndiziyenda nawo monga wothandizira. Anthu analankhula, koma bambo anu anangoti, "Ngati ndi ntchito, pitani." Madzulo tikaweruka a Jafali ankandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira. Zikwangwani za pamsewu ndinaloweza ndi iwe Lusiya, ukundiwerengera pakhonde. Chaka chachitatu ndinatenga layisensi, nditalephera kawiri.

Chaka chachinayi, nyengo yokolola mpunga

Vuto la mafogi linali malo ake. Kuti agwire ntchito ayenera kukhala pansi, koma pansipo ndi pamene pali miyala, zitsa ndi madzi. Ulendo uliwonse wa kumunda tinkabwerako lina litasweka galasi, kapena litamwa madzi, kapena babu litaduka ndi kugwedezeka. Atsopano ankapezeka ku Lilongwe kokha, ndipo kuofesi ankatenga miyezi asanagule. Choipa kwambiri n'chakuti mpunga umakololedwa nthawi yomwe kumtunda kumagwa chifunga. Kuno kunsi dzuwa likuwala, anthu avula malaya, koma ukangokwera makona atatu a phiri umalowa m'dziko lina.

M'mawa wina mu Juni tinakwera opanda fogi ngakhale limodzi. Pakati pa phiri chifunga chinatitsekera, a Jafali sankaona ngakhale kutsogolo kwa lole yawo. Kumanzere kunali phompho. Kuima pakona sikukanatheka, chifukwa ena otsika akanatiwomba. Ndinatsika, n'kutenga thumba loyera lopanda kanthu, n'kuliyala kumsana, n'kuyamba kuyenda patsogolo pa lole kuti azitsata ine. Ndinayenda choncho mtunda wautali, injini ikupumira m'khosi mwanga. Titatulukira pamwamba a Jafali anaimitsa lole.

"Alhamdulillah. Koma achemwali, ndikanakupondani ndikanakawauza chiyani amuna anu?"

"Mukanakawauza kuti akonze magetsi," ndinayankha.

Ndipo ndinakawauzadi. Bambo anu, a Benedikito, mukudziwa kuti anali owotcherera zitsulo pa Mtakataka, opanga mafelemu a mawindo, ngolo ndi mbaula. Ndinawafotokozera kuti ndikufuna chotchinga magetsiwo kuti mwala usafike pagalasi. A Jafali anagula magetsi akale kwa mnzawo, ndipo Lamlungu titachoka ku Misa tinabweretsa lole pakhomo.

Poyamba anakulunga waya wa khola la nkhuku. Sabata isanathe chitsa chinauphwanya pamodzi ndi galasi. Kachiwiri anawotcherera zitsulo zonenepa zomangira nyumba. Zimenezo mwala sukanaziswa, koma zinkajambula mithunzi pamsewu ngati mawindo a ndende, ndipo matope akalowa mkati dzanja langa silinkafikamo kuti ndipukute. Ndinazibweza.

"Amake Lusiya, inu mukufuna chotchinga magetsi kapena nyumba ya njerwa ya magetsi?" anatero bambo anu, atakweza galasi lawo lakuda pamphumi.

"Ndikufuna chokhala ndi chitseko."

"Chitseko! Mawa mudzati tiikemo ndi makatani."

Anadandaula, koma usiku sanagone bwino, ndinawamva akutembenuka. M'mawa anadula zitsulo za ngodya n'kupanga timabokosi tiwiri, kutsogolo anaika waya wolimba wosefera mchenga, wa maso aakulu oti chala chilowe. Anamangirira mahinjesi a windo kuti kazitseguka, chotsekera chake msomali wopinda wa pa kaunyolo. Pansi anaika chitsulo chodula ku pulawo yakale kuti chitsa chikabwera chizitsetsereka. Timabokosito anatilowetsa mkati pang'ono, kuti bampala iziyamba ndiyo kukumana ndi zinthu. Ine ndinawonjezera changa: ndinadula chubu chakale cha tayala n'kuyala pamene getsi limakhalira, kuti kugwedezeka kusamadule babu, ndipo m'mphepete mwa galasi tinamata ndi guluu wotchedwa silikoni kuti madzi asalowe. Chaka chimenecho chinatha osasweka ngakhale limodzi. Madalaivala ena ankaima pa Golomoti kudzaona, ena ankaseka kuti lole ya mpunga yavala zitete kumaso, koma angapo anapita kwa bambo anu kukapangitsa zawo.

Lamulo langa linali limodzi. Tikatuluka kumunda, tisanayambe phiri, ndinkatsika, kutsegula timabokosi, kupukuta magalasi, kutseka. Kaya dzuwa likuswa mtengo, ndinkatero.

Chaka chachisanu ndi chinayi

A Jafali anapuma ntchito maso atayamba kuwavuta, ndipo makiyi anandisiyira ine. Chaka chomwecho kunabwera manijala watsopano, a Chirwa, ophunzira bwino, osakonda kufunsa. Sanali munthu woipa. Anaona magalimoto a mabungwe ali ndi mzere wa magetsi oyera padenga, aja amati ma LED, ndipo anakagula wotero. Anandiitana kuofesi.

"Mayi, zitete zija zichoke. Zikunyazitsa kopaletivu. Magetsi tiika padenga, kumene mwala sufika. Ndi owala kuposa anuwo kakhumi."

"Bwana, kuwala kwake sindikukana. Koma a chifunga malo ake ndi pansi."

"Zimenezo ndi zachikale. Inu munaphunzira kuti za magetsi?"

"Paphiri, bwana."

Sanaseke. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asachotse akalewo mpaka atakwera nane ulendo umodzi. Anavomera monyinyirika. Ndinadikira m'mawa umene phiri linali litavala chifunga, ndipo tinanyamuka titadzaza mpunga. Titalowa m'chifunga ndinati, "Bwana, yatsani anu aja." Anadina siwichi. Kutsogolo kunangoti mbuu, ngati munthu watiwaza ufa kumaso. Msewu unasowa, bonati inasowa. A Chirwa anagwira chitseko ndi manja awiri.

"Zimitsani! Mayi, zimitsani!"

"Siwichi ili kwa inu, bwana."

Atazimitsa ndinayatsa anga. Msewu unaoneka pansi, wachikasu, pang'ono chabe koma wokwanira, ndi m'mphepete mwake momwe. Tinayenda choncho mpaka ku Masasa, pamwamba pa phiri. Kumeneko anagula mbatata yokazinga n'kundipatsa yambiri.

Ubwino wa a Chirwa unali woti akaona, aona. Mwezi wotsatira anabwera ndi mafogi atsopano a LED, achikasu, olowa bwinobwino m'timabokosi ta bambo anu. Amenewa analibe babu loduka ndiponso sankadya batire. Anaitana makaniko kuti aike waya watsopano, fyuzi yakeyake ndi kabokosi kakuda kotchedwa rilei, kuti siwichi isamapse. Kulunjika ndinalunjika ndekha. Ndinaimika lole pamalo osalala moyang'ana khoma la nyumba ya mpunga, n'kujambula mzere ndi khala pamsinkhu wa bondo langa, n'kumapotokola mabawuti mpaka kuwala konse kunakhala pansi pa mzerewo. A padenga aja tinawasiya, ankatithandiza kupakira matumba kumunda kukada.

Chaka chakhumi ndi chinayi, mwezi wa Julaye

Bambo anu anadwala shuga zaka ziwiri, ndipo anatisiya Lachitatu masana kuchipatala. Abale awo anapempha kuti akagone kwawo kumtunda, kuseri kwa Masasa, pafupi ndi mayi awo. Sindinakane. Maliro anagona pakhomo pathu pa Mtakataka, ndipo kopaletivu inapereka lole yonyamula bokosi ndi anthu. Poti ine ndinali namfedwa, anatumiza a Sikelo kuti ayendetse. A Sikelo anali bambo wodekha, woyendetsa thirakitala ya kumunda. Layisensi ya lole anali nayo, koma phiri anali atalikwera kawiri kokha, nthawi ya dzuwa.

M'mawa amayi anzanga ananditulutsa nditafunda nsalu kumutu, atandigwira uku ndi uku, n'kundikweza kumbuyo pafupi ndi bokosi. Kutsogolo kwa lole sindinakuone. Mukudziwa mwambo wake: galimoto ya maliro imamangidwa masamba kutsogolo, kuti okumana nayo adziwe, apatuke, ovala zipewa avule. A Dayitoni, monga mkulu wa bambo anu ndiponso mwini maliro, anathyola okha nthambi za mango. Pofuna pomangirira anaona timabokosi tija, ta waya wa maso aakulu, n'kusomekamo nthambi zodzaza mbali zonse ziwiri. Sanalakwe dala. Aliyense wosadziwa akanatero, malowo anali ngati anapangidwira zimenezo.

Tinali anthu odzaza lole, amayi a kwaya akuimba. Ine ndinali nditaweramira pabokosi, koma thupi langa limadziwa msewu umenewo. Ndinamva tikukhota pa Golomoti, ndinamva kona yoyamba, yachiwiri. Kenako ndinamva kuzizira pamsana, ndipo ndinadziwa kuti talowa m'chifunga. Lole inayamba kuyenda modzuma. A Sikelo anachedwa kusintha giya, injini inatsamwa, n'kuzima. Tinabwerera m'mbuyo pang'ono. Nyimbo inaduka pakati. Amuna analumpha n'kuyamba kufuula, "Miyala! Ikani miyala kumatayala!"

Ndinavundukula nsalu. Sindinkaona ngakhale anthu a kumapeto kwa lole. Koma ndinazindikira mtengo wopendama umene unali pambali pathu, ndipo ndinadziwa kuti taima pakona yoipa kuposa makona onse, tayala lakumbuyo lili pafupi ndi phompho. Ndinaimirira. Amayi ena anandikoka chitenje.

"Khalani pansi, mayi. Amuna akonza."

Ndinawachotsa manja n'kutsika, wopanda nsapato.

Kutsogolo ndinapeza magetsi aakulu akuyaka, a padenga akuyakanso, ndipo a chifunga atakwiriridwa ndi masamba, kuwala kwake kukuthera m'nthambi. A Sikelo anali atagwira chiwongolero, maso ali tong'o. Ndinawauza kuti azimitse aakulu ndi a padenga. Kenako ndinagwada n'kuyamba kuzula nthambi zija.

"Alamu! Mukutani?" Anali a Dayitoni.

"Ndikutsegula magetsi, alamu."

"Mukuvula maliro masamba? Mng'ono wanga ayende ngati thumba la mpunga?"

"Masamba sinditaya. Timanga m'mbali, pa magalasi oonera kumbuyo. Koma apa achoke."

"Inu malo anu ndi pamphasa. Namfedwa amayendayenda pamsewu? Bwererani kumbuyo!"

Ndinazula zonse, n'kupereka kwa bambo wina wa kwaya kuti amange m'mbali. Ndinatsegula timabokosi n'kupukuta magalasi ndi nsonga ya nsalu yanga yamaliro. Msewu unaoneka pansi. Ndinaimirira n'kunena kwa a Sikelo kuti tsopano akhoza kulowetsa giya yoyamba.

Anandiyang'ana, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve. "Mayi, ndikhululukireni. Mwendo ukunjenjemera, sukugwira kilatchi. Ndikayesa kunyamuka pano tibwerera m'mbuyo."

Ana anga, apa ndi pamene ndinaganiza, ndipo ndinaganiza msanga. Kudikira kuti chifunga chichoke, mu Julaye chimatha kukhala mpaka madzulo. Tinali pakona, ndipo kumtunda ndinkamva kulira kwa lole ina ikutsika. Ndinafunsa ngati panali wina wodziwa kuyendetsa lole. Panalibe. Ndinadziwanso zimene anthu adzanene, chifukwa ndinakulira m'mudzi. A Dayitoni anazinena pomwepo, atandiona ndagwira chitseko.

"Alamu, mukakwera pamenepo, dziko lonse lidzati munafulumira kukamutaya mwamuna wanu. Mkazi kuyendetsa yekha mwamuna wake kumanda? Zinachitikapo kuti? Mukatero, ine ndi inu tathana."

"Alamu, kumbuyoku kuli ana a mng'ono wanu. Kuli akazi anu. Manda akumba amodzi."

"Mulungu atisunga."

"Atisunga, ndipo ine ndiyendetsa."

A Sikelo anasunthira mbali ina. A Dayitoni anali atakhala kutsogolo chichokereni ku Mtakataka, koma anakana kukhala pafupi ndi ine, anakakwera kumbuyo. Ndinamanga nsalu m'chiuno, ndinaliza injini, ndinagwira handibuleki, n'kuuza amuna kuti ndikangosuntha achotse miyala akwere. Lole inanjenjemera, n'kugwira, n'kuyamba kukwera. Ina ija inatidutsa titangotuluka pakona, woyendetsa wake ataona chikasu chathu n'kupatuka.

Ndinakwera phiri lonse pa giya yoyamba ndi yachiwiri. Sindinayang'ane kutali, kunalibe choona. Ndinayang'ana pansi pomwe pankathera kuwala, m'mphepete mwa tala. Misozi ndinaikaniza, chifukwa maso ndinkawafuna. Patapita nthawi ndinamva kumbuyo mayi mmodzi wayambitsanso nyimbo, ena n'kulandira. Titapatuka pa tala kulowa kanjira ka kumudzi, ka miyala ndi makwawa, ndinamva chitsa chikugunda chitsulo cha pulawo chija n'kutsetsereka. Magetsi sanaphethire.

Tinafika anthu atadzaza pabwalo. Ataona amene watsika pampando wa dalaivala, kulira kunayamba kwaima. Ndinazimitsa magetsi, ndinapereka makiyi kwa a Sikelo, n'kuima pambali pa lole. Azakhali anu a Rozina, mlongo wawo wa bambo anu, ndiwo anabwera. Anavula nsalu yawo n'kundifunditsa kumutu.

"Mwamufikitsa," anatero. "Tiyeni m'nyumba, mukalire."

Zaka zotsatira

Tsiku lometa a Dayitoni ananena pagulu kuti ndinachititsa manyazi banja lawo, kuti ndinavula maliro ndi kudzitengera mwamuna wanga kumanda ngati katundu. Ena anavomereza, ena anangoyang'ana pansi. Pondisudzula a Dayitoni anatuma munthu wina, iwo sanabwere. Ku ukwati wako Lusiya unaona wekha kuti mpando wawo unali wopanda munthu, ndipo ndikudziwa kuti zinakupweteka. Zinandipwetekanso ine.

Ndinagwira ntchito zaka zina zisanu, mpaka mawondo anayamba kukana kukwera lole. A Sikelo ndinayenda nawo nyengo ziwiri za chifunga, ndipo lero amakwera phiri lija bwino kuposa ine. Lole ikapemphedwa kumaliro amatsika okha kukaonetsa anthu pomanga masamba.

A Dayitoni akalamba tsopano, ndamva kuti akuyendera ndodo. Iwo ankateteza ulemu wa mng'ono wawo monga anaphunzitsidwira, ndipo sindiwada. Ndi bambo anu amene atsala. Muzipita kukawaona, muziwatengera mpunga ndi usipa, mukafika muzigwada powapatsa moni. Akayamba nkhani ya tsiku lija, muwamvetsere mpaka amalize, musawadule pakamwa. Koma musakandipepesere.